Kathirakitala Kanga ndi Galimoto ya Wyson

Ndinaganiza zochoka ku Lunzu tsiku limene mayi a Tadala anandiuza pa foni kuti atopa kukhala ngati wamasiye mwamuna ali moyo. Iwo anali atakhazikika kale pa unamwino ku Leicester, ine ndili pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, kumasula mainjini a maminibasi. Pa Lunzu ndinali munthu. Galimoto ikayamba kutsokomola, madalaivala ankati, "Pitani nayo kwa a Mbewe akaimvere." Zipangizo ndinasiyira mnzanga, ndinatsanzika amayi, n'kukwera ndege.

Ku England manja anga anasanduka osambitsira okalamba. Ntchito inapezeka pa nyumba ina yowasamalira, kunja kwa tauni. Sindikuinyoza ayi. Inatidyetsa, inaphunzitsa ana a mlongo wanga, inafolera nyumba ya amayi ndi malata. Koma panalibe wondifunsa za injini. Ndikaweruka ndinkakhala pa windo la nyumba yathu yalendi, mkazi ali ku shifiti, mwana wathu Tadala akundiyankha m'Chingerezi, ine n'kumatchera khutu magalimoto odutsa kuti ndimve yodwala ndi iti.

Ndiye panali Wyson. Tinakulira limodzi ku Lunzu, ndipo ndi munthu amene tcheni cha njinga chikavuka ankaikankha mpaka kwathu kuti ndimubwezere. Iyeyu anatsogola kubwera, anaphunzira unamwino, anakwezedwa, anagula nyumba ku Evington, dera la mu Leicester momwemo, yokhala ndi kapinga kutsogolo ndi poimika galimoto pakepake. Mu 2018 anagula galimoto yamagetsi. Ndisabise, inandiwawa. Lamlungu limene anabwera nayo ku tchalitchi sindinaimve n'komwe, ndinangoona yaima pambali panga ngati mfiti.

"Achimwene, iyi siifuna makaniko," anatero akuisisita. "Ndimangoipulaga ngati foni, m'mawa yachaja. Oyilo ayi, mapulagi ayi. Ntchito yanu ija ikupita kumanda, muyambiretu kuapulaya zina."

Anthu anaseka. Mayi a Tadala nawonso anaseka, kenako analowamo kukayesa mpando.

"Galimoto yopanda mawu ndi wodwala wosabuula," ndinayankha. "Mudzangoona yafa. Batire likadzatopa mudzalira. Nanga kwathu, ndi magetsi othimathima aja, mudzaichaja ndi makala?"

Zina mwa izi ndimazikhulupirirabe mpaka lero, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere tikambirane. Koma tsikulo pakamwa panga pankatuluka nsanje yokhayokha. Chithunzi cha galimotoyo chinazungulira pa gulu la pa foni la anthu akwathu, mpaka amayi anga anandifunsa kuti, "Akuti ya Wyson siimwa mafuta, n'zoona?" Ndinasintha nkhani.

Kuseri kwa nyumba ya okalamba ija kunali kashedi. Tsiku lina atandituma kukatenga makwerero, ndinavundukula lona n'kupeza kathirakitala kotchetchera kapinga, kochita kukwera. Utoto unali utasuluka, matayala ataphwa, mbewa zitamanga chisa pansi pa mpando. Abwana anati kakudikira kutayidwa, ngati ndikukafuna nditenge. Ndinakondwa ngati ndaona wachibale.

Nyengo yonse yozizira ndinaithera m'kashedi kaja. Ndikaweruka ndinkavula yunifomu n'kugwada pa simenti, zala zitauma gwa. Ndinatsuka kabuleta yomwe inali itamatana ndi petulo wakale, ndinasintha lamba, ndinanola mipeni yake ndi tupa, mpando ndinasoka ndekha, kenako ndinakapaka utoto wofiira. Kunyumba ndinkafika ndikununkha girisi, mayi a Tadala n'kumati, "Mwapezanso mkazi wina ku shediko?" Tsiku limene kanalira, utsi uli tolotolo, misozi inalengeza m'maso. Gogo wina wachizungu anawomba m'manja pa windo. Ndinatchetcha bwalo lonse la nyumbayo, mizere ili bwinobwino ngati yoyeza ndi chingwe.

Wyson atakaona anagwedeza mutu. "Mwayesetsa, achimwene. Kungoti masiku ano kwabwera tamabatire, timatchetcha tokha mwini ali mtulo."

Apa ndi pamene ndinatsimikiza zoti kathirakitala kanga kapite kumudzi. Sindinafune kuwomberedwa m'manja ndi agogo achizungu. Ndinkafuna anthu a ku Lunzu, omwe aja anadabwa ndi chithunzi cha Wyson, aone ndi maso awo chimene manja a Mbewe adzutsa kwa akufa. Malo ake ndinali nawo kale m'mutu. Kuseri kwa nyumba ya amayi kunali kapinga amene malemu bambo anabzala potsetserekera madzi a pa mpopi, wobiriwira ngakhale m'chilimwe. Amalawi a ku Leicester, Nottingham ndi Derby akasonkherana kontena yopita kumudzi, aliyense amapatsidwa kagawo kake. Gawo lathu lonse linadyedwa ndi kathirakitala.

"Anzanu akutumiza mafiriji, inu mukutumiza chitsulo chodya udzu," anadandaula mayi a Tadala. Sindinamve.

Amayi sindinawauze chilichonse, ndinkafuna adzadzidzimuke. Kungoti nthawi iliyonse ndikaimba foni ndinkafunsa, "Amayi, kapinga uja kuseri akadalipo? Watalika kwambiri?" Iwo ankangoti, "Alipo, bambo."

Ndinafika ku Lunzu chaka chotsatira, mvula itangosiya, nthawi imene udzu umafika m'mawondo. Kathirakitala, kamene kanali katafika kale ndi kontena ija, tinakakweza pa galimoto yamatola. Pakhomo panadzaza: achibale, madalaivala akale, oyandikana nawo, ndi mayi ake a Wyson omwe, atakhala pa mkeka wakutsogolo. Nditangomaliza malonje ndinazungulira kuseri kukayendera bwalo langa.

Kunalibe ngakhale kaudzu kamodzi. Dothi lofiira, losalala, mizere ya tsache ikuoneka kuyambira pa mpopi mpaka kumpanda.

Amayi ananditsatira akumwetulira. "Ndinamva, bambo. Munthu safunsa chinthu chimodzimodzi kawirikawiri popanda chifukwa. Ndinadziwa kuti mukuchita manyazi kudzafikira pa tchire, inu wochokera kwa azungu. Ndazula ndekha, ndi mizu yomwe. Aganyu akanasiya zotsalira."

Anandionetsa zikhatho. Matuza anali ataphulika, ena atayamba kuuma.

Kwathu pakhomo paulemu ndi posesa. Udzu pabwalo ndi wa njoka ndi anthu aulesi, ndipo mlendo wolemekezeka amamulandirira pa dothi losesedwa bwino. Ngakhale kapinga wa bambo uja, amayi ankangomupirira. Izi ndinazidziwa ndili mwana, tsache ndinaligwirapo pa bwalo lomweli. Koma zaka zonse zija maso anga anali pa kapinga wa ku Evington, mpaka ndinaiwala mmene amayi anga amamvera funso.

Anthu anali atatsitsa kale katundu. "Lizani tione, amisiri!" anakuwa dalaivala wina. Ndinakwera, ndinapotokola kiyi, ndipo kanalira ulendo umodzi, mawu ake osalala bwino. Ndinazungulira pa dothi lopanda kanthu, mipeni nditaikweza m'mwamba, fumbi lili koboo, matayala akuwononga mizere ya tsache la amayi. Mayi ake a Wyson anatseka mphuno ndi chitenje.

"Ya Wyson akuti siichita phokoso chonchi," anatero.

Nditazimitsa, amayi anayandikira n'kugwira utoto wofiira uja. "Ndi yokongola, bambo. Ntchito yake ndi yotani?"

Ndinayang'ana manja awo. Kuwauza zoona kukanakhala kuwauza kuti matuza aja anali achabe.

"Ndi yoyendera, amayi," ndinatero.

Anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anamanga bwino chitenje, natembenukira kwa mayi ake a Wyson, ndipo ndinamva mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwawo, akuthwa, osungidwa nthawi yaitali. Apa ndinazindikira kuti nsanje ija sindinkaisenza ndekha ku Leicester. Amayi anali nayo yawo, pa mpopi, ku tchalitchi, pa maliro, paliponse pamene chithunzi chija chinatulutsidwa.

"Mwaiona, anzanga?" anatero mokweza kuti bwalo lonse limve. "Yanu ija anachita kugula. Iyi mwana wanga wapanga yekha."