Kholowa wa amayi ndi tochi yakufa

Kudera lathu lonse la Umoja, ku Nairobi, kunalibe mwana wondiposa kunenerera, ndipo ndinkalengeza ndekha. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndinapatsa Kamau, mnzanga wa khomo loyandikana nalo, tochi yakufa kalekale, iye n'kundipatsa chitini cha maluwa oyanga abuluu. Bambo ake ankapakira maluwa ku bwalo la ndege ku Embakasi, ndipo ankati mbewu imeneyi inachokera ku Ulaya. Ndinakwera masitepe ndikuseka ngati ndagula nyumba.

Chitinicho ndinachiika pakhonde lathu lam'mwamba, pambali pa matumba atatu a kholowa wa amayi. Kholowayo sanali wamasewera. Ku Nairobi ndiwo zinali masamba onga repu otchedwa sukuma, sukuma lero, sukuma mawa, ndipo ukafunsa masamba a mbatata pamsika ankakufunsa ngati ukuweta mbuzi. Mbewu yake amayi anachita kuinyamula kuchokera ku Ntcheu, ataikulunga m'nsalu yonyowa, masiku atatu pabasi.

Mvula ya Epulo itayamba, pakhoma pankatera tizilombo totuwa, towonda, totambasula mapiko ngati kamtanda. Mwana wa katekisiti ine, kupha mtanda? Ndinkangotisiya. Koma kholowa anayamba mabowo. Kunsi kwa masamba kunali timbozi tobiriwira taubweya, ndipo ntchito yotitola inagwera ine, m'mawa uliwonse ndisanathamangire minibasi ya kusukulu, maso ali tulo, zala zikununkha utomoni. Ukatola lero, mawa tachuluka. Ndinatola miyezi iwiri, msana n'kuchita kuuma, mpaka tsiku lina ndinaona kachikwa komata patsinde kakung'ambika, kamtanda n'kutulukamo, n'kuyamba kuwongola mapiko. Kani nthawi yonseyi ndinkapha ana, oikira mazirawo ndikuwalondera!

Amayi anatembenuza masamba a maluwa anga, n'kupeza timazira ndi timbozi tomwe tija tili mbwee. Sanakalipe. Anangoti, “Iwe, mlendo uyu unamugula zingati?” Kenako anazula kholowa wotsalayo, n'kukhutula matumba onse atatu. Tinadya sukuma zaka ziwiri, mpaka ulendo wina wakumudzi.

Lero ndikamanenerera pamsika, wogulitsa akavomera msanga, ndimayamba ndatembenuza katunduyo kuona kunsi. Nanga Kamau? Anangopala dzimbiri m'tochi muja ndi msomali, tochiyo n'kuyaka. Ndiye inuyo mukuti anapambana ndani: ine, Kamau, kapena kamtanda kaja?