Dzina lachitatu la golosale ya azakhali

Azakhali, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni. Ndakumbuka tsiku lija munandiitana ku Chinamwali kuti ndikulembereni fomu yolembetsera dzina la golosale yanu, poti digiri yanga inali isanagwirepo ntchito ina iliyonse. Fomuyo inkafuna mayina atatu, kuopa kuti ena anatengedwa kale. Munatchula Chisomo, kenako Madalitso, lachitatu n'kusowa. Munasuzumira kutsidya kwa msewu, komwe Anambewe, opikisana nanu pa malonda, ankatiyang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Lemba Anambewe Mudzatopa. Abomawa sawerenga mpaka pansi."

Anawerenga, azakhali. Chisomo ndi Madalitso anzanu anali atatenga kalekale. Satifiketi inabwera ndi chidindo chake, ndipo inu, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, munagulitsa sopo zaka zonsezo pansi pa chipongwe chovomerezeka ndi boma. Mmawa uno ndinapitako ndi penti kuti ndifufute dzinalo pakhoma la golosale, mkangano uthe. Anambewe, omwe pano akuyendera ndodo, anawoloka msewu n'kundilanda bulashi. "Siya, mwanawe. Palibenso wina anandilembapo dzina pakhoma. Kutopa ndatopadi, koma usakawauze."

Pepani, azakhali, ndakuuzani.