Nyimbo M'chitini cha Madzi

Chaka chomwe mwana wathu woyamba anabadwa, ndinkakonza mawailesi ndi maampulifaya pakhonde pathu, kufupi ndi boda ya Mchinji. Khandalo linkadzidzimuka ngakhale supuni ikagwa, choncho mayi ake anandiletsa phokoso. Sindinadandaule. Maampulifaya amakono savutika kuyaka opanda sipika, ndiye ndinkangozula masipikawo n'kumayesa ndi mita yoyezera magetsi mwakachetechete.

Tsiku lina dalaivala wa thiraki wa ku Chipata anabwera ndi katundu wokulunga m'bulangeti. Inali ampulifaya yakale, yolemera, ya mababu anayi agalasi m'kati.

"Inali ya atate anga," anatero. "Ankaimbira gitala ku esiteti ya fodya. Ndidzadutsa Lachisanu."

Nditasintha tizida tiwiri totupa, dzanja linapita lokha pa swichi, koma ndinalibweza. Mkulu wina wa ku Ludzi, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ankati ya mababu ikamaimba popanda sipika mphamvu yake imasowa kolowera, imabwerera n'kuwotcha thiransifoma ya m'kati mwake. Thiransifoma yoteroyo sindikanaipeza ngakhale ku Lilongwe.

Ndinatenga mbaula yamagetsi yakufa n'kusololamo waya wake wopiringizika uja. Ndinaudula pang'onopang'ono mpaka mita inasonyeza eyiti, monga imachitira pa sipika. Ndinaulumikiza pamalo a sipika, ndipo poopa kuti ufiira, ndinauviika m'chitini cha madzi. Kenako ndinayatsa n'kulowetsa nyimbo ya pafoni. Mababu anawala, singano ya mita inayamba kuvina, koma pakhonde panali zii.

Mayi a mwana anatuluka n'kusuzumira m'chitinimo.

"Mukuphika chiyani, abambo ake?"

"Nyimbo."

Anagwira chitinicho m'mbali, n'kupeza chafundadi. Anaseka atatseka pakamwa ndi chitenje mpaka misozi.

"Zikapsa mundiitane," anatero.

Lachisanu ndinamangirira ampulifaya ndi sipika panjinga n'kukamupeza dalaivala uja pomwe amaimika mathiraki. Tinapempha magetsi pagolosale ina. Iye anatulutsa gitala ya atate ake kuseri kwa mpando, n'kundiululira kuti amadziwa nyimbo imodzi yokha, nayonso theka. Anaiimba katatu. Kachitatuko dalaivala wina wachikulire, amene ankadikira mapepala ake a paboda, anasiya chimanga chomwe ankakukuta, n'kupukuta manja pa thalauza, ndipo anamusonyeza theka linalo.