Lipenga la Madzulo

Ndinakulila m'kampu ya asilikali, kumene atate ankagwila nchito. Madzulo lipenga likalila potsitsa mbendela, aliyense ankaima pomwe ali. Ngakhale ife ana tinkausiya mpila uzigubuduka wokha.

Atate atapuma nchito, tinasamukila ku Libala. Kunalibe lipenga, koma dzuwa likamalowa miyendo yanga inkangoima yokha. "Iwe kasoja, nkhondo inasila!" ana a kumeneko ankandikuwiza. Ndinasowa wosewela naye.

Nditakwatila, akazi anga sanandiletse. Ankaima nane pang'ono, kenaka n'kunena, "Lipenga lanu latha, ba soja. Tiyeni mukadye."

Akazi angawo tinawaika m'manda chaka chatha. Ndimaimabe pakhomo pathu ku Woodlands, ndikupemphela chamumtima. Wondiuza kuti latha palibe, ndiye ndimangoima mpaka kude.