Manja a Mayi Gadiyani

Dzina lawo lenileni ndimalidziwa, koma palibe amene amawaitana nalo. Kwa aliyense ndi Mayi Gadiyani. Dzinali analitola kuchipatala, kumene anatha zaka zambiri akugona pansi pa mabedi a odwala. Anayamba ndi bambo awo, ali mtsikana wongosiya kumene sukulu. Kenako amuna awo. Amuna awo atamwalira, akupinda mabulangeti kuti azipita, mayi wina wa m'chipinda choyandikana anawagwira dzanja nati, "Inu musapite, ana anga ali kutali." Sanapitedi. Kuyambira pamenepo odwala a eni ake anasanduka ntchito yawo: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwanyengerera kuti ameze, kulimbana ndi anamwino pa nkhani ya mapilo.

Ndi mayi wamfupi, wa mapewa ngati a munthu wonyamula matumba. Akamakhala pansi bondo lawo lakumanzere limalira, ndipo amaliyankha kuti, "Ndamva, khala chete." Saseka wambawamba. Akaseka mumaona kuti mano awiri akutsogolo kulibe. Amati anawagulula wodwala wina ndi chigongono, "munthu wabwino zedi, kungoti madzi sankagwirizana nawo."

Timakhala mdadada umodzi wa nyumba za lendi, ndipo ndi iwo anandipezera ntchito yochapa ndi kusita kunyumba ya Bwana wa ku Korea, mwini fakitale yosoka zovala. Iwo ankasamala amayi ake a Bwanayo, amene tonse tinkangowatchula kuti Agogo. Mutu wa Agogo unali utayamba kutaya zinthu. Chingerezi chochepa chimene ankadziwa chinathawa, kunatsala Chikoreya chokha. Ankayenda ndi chitsulo cha miyendo inayi, ndipo tsiku lonse ankangokhala pawindo, manja pamiyendo, ngati munthu wodikira basi imene inasiya kudutsa njira imeneyo.

Vuto langa linali mwana. Mayi Gadiyani anamupatsa dzina loti Sajeni, ati chifukwa salira, amalamula. Bambo ake anapita kutali kukafuna ntchito, foni yawo n'kusiya kugwira. Apongozi anga anandiuza poyera kuti, "Mwanayu ndi wathu. Tsiku limene udzalephere, ndidzabwera ndi nsalu yanga yomuberekera." Nditayamba ntchito ndinkamusiya kwa mayi wina wolera ana a anthu, m'chipinda chimodzi ana oposa zala za dzanja. Tsiku lina ndinakamupeza atapsa pamkono ndi tiyi. Apongozi anaona balalo, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kachiwiri sindidzafunsa."

Ndinalira kwa Mayi Gadiyani. Anandisiya ndilire, akusenda lalanje.

"Watha? Mawa ubwere naye."

"Adona anati ana ayi."

"Adona unawaonapo kochapira? Amadziwa n'komwe kuti chitseko chake chimatsegukira mbali iti?"

Adona anali mkazi wa Bwana. Sanali munthu woipa, koma nyumba yawo inali ya malamulo: nsapato pakhomo, foni m'thumba, ana ayi. Choncho Sajeni ankalowera chitseko chakumbuyo. Tinkamugoneka m'dengu lalikulu la zovala, titayala matawulo ofewa pansi. Akayamba kulamula kwake, ndinkathamanga kukayatsa makina ochapira, ngakhale mulibe kanthu, kuti phokoso lake limeze mawu a mwana. Ndinkasita khutu limodzi lili kudengu, lina kugeti. Ndinaloweza kulira kwa galimoto ya Adona kuposa mmene ndinalowezera chilichonse ku sekondale.

Pa thebulo lositira pomwepo ndi pamene Mayi Gadiyani anandiphunzitsa mawu ena a Chikoreya. Anati Agogo ankakonda kuwagwira pamkono powasambitsa n'kunena mawu amodzimodzi, mpaka anakafunsa Bwana tanthauzo lake.

"Nena kuti doluboda."

"Doluboda."

"Ayi, ukunena ngati ukuitana nkhuku. Ulemu pang'ono. Doluboda."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Kusamala munthu. Kumuyang'anira. Zimene ndakhala ndikuchita chisiyireni sukulu, osadziwa kuti kutsidya la nyanja zili ndi dzina." Anapinda pilo n'kuiwomba. "Fomu 2 yako ija sanakuphunzitse zimenezi, eti?"

Kuyambira tsikulo mawuwo anakhala athu. Pobwerera kunyumba ankati, "Lero ndadoluboda mpaka msana wakana." Ndikaiwala kudya ankandikalipira kuti, "Iwe, ukakomoka akudolubode ndani?" Ine ndinkawanong'oneza mawuwo m'khutu mwa Sajeni pomugoneka m'dengu, ngati kupepesa.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndinkakaonera patali. Agogo akamayenda, Mayi Gadiyani ankakhala kumbuyo kwawo, manja otambasula m'mbali mwa chiuno, osakhudza, koma osatalikira. Sankawalanda chinthu m'manja. Tsiku lina Agogo anatola mpeni wosendera zipatso. Mayi Gadiyani anangowabweretsera thawulo kuti apinde, ndipo Agogo anaika mpeni pansi okha.

"Munthu wosokonezeka sumulanda," anandiuza. "Ukamulanda amalimbitsa. Umamupatsa ntchito ina."

Koma pa nzeru zathu zonsezo tinalakwitsa pamodzi. Tinkaopa makutu a Adona, Agogo tinkawaona ngati mpando. Khoma la kochapira linali lomwelo la chipinda chawo. Munthu woiwala dzina la mwana wake sitinaganize kuti angakumbukire kulira kwa khanda.

Linali Lachisanu m'mawa, dzuwa litakwera. Adona anali atapita kokagula zinthu. Sajeni anali m'tulo, ndiye ndinatuluka kukayanika mashiti a pabedi. Mayi Gadiyani anali kukhitchini akuphwanya mapiritsi, Agogo atawasiya akuwodzera pawindo. Nditabwerera ndinapeza chitseko cha kochapira chili pululu. M'dengu munali matawulo okhaokha, akadali ofunda, ali ndi kadzenje pamene panali mutu wake.

Ndinayang'ana kuseri kwa makina, ndinayang'ana ngakhale m'kati mwa makinamo, Mulungu andikhululukire. Potuluka ndinapunthwa pa chitsulo cha miyendo inayi chija, chitaima chokha pakhomo.

Anali m'kolido. Agogo, amene sankatha kudzuka pampando popanda kuwagwira, anali atamubereka mwana wanga ndi thawulo lalikulu losambira, atalimanga pachifuwa. Manja awo anali kumbuyo, atagwirana pansi pa matako a mwana. Ankayenda pang'onopang'ono pa matailosi oterera, atavala masokosi, akuwerama n'kudzuka, akung'ung'udza kanyimbo. Miyendo yawo inkanjenjemera. Sajeni anali atagwira tsitsi lawo loyera, ali phee.

Ndinathamanga. Dzanja la Mayi Gadiyani linandigwira pakhosi pa diresi ngati kamwana ka mphaka.

"Ukamukoka agwa onse awiri."

"Mwana wanga, mayi!"

"Ndamuona, si ine wakhungu. Pita kukhitchini. Nthochi, mbale, supuni yaing'ono. Osathamanga."

Anandisiya, n'kukaima kumbuyo kwa Agogo, manja otambasula, limodzi pafupi ndi mutu wa Sajeni, lina pafupi ndi chiuno cha Agogo. Ankayenda nawo phazi ndi phazi.

Kuchoka pamenepo kunali ngati kudzidula mkono. Ndinasenda nthochi ndikudikira phokoso la mutu pa matailosi. Ndili m'kati moiphwanya ndinamva galimoto pageti. Kwa nthawi yoyamba sindinasamale.

Nditabwerera ndi mbale, Adona anali pakhomo la kolido, matumba atagwa pansi, malalanje akugubuduzika. Anakuwa m'chinenero chawo, nayamba kuthamangira kwa apongozi awo.

"Imani pomwepo, Dona!"

Mawu a Mayi Gadiyani sanali okwera, koma anali a munthu amene anaimitsapo madokotala. Sanatembenuke n'komwe. Adona anaima, dzanja pakamwa.

Agogo anaona anthu tachuluka, nkhope yawo inalimba. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, napendekeka, ndipo ndinaona dzanja la Mayi Gadiyani likukhudza chiuno chawo kamodzi, n'kuchokanso. Agogo analankhula mawu ambiri mwaukali, akudzimenya pachifuwa pamene panali mfundo ya thawulo. Pa zonsezo ndinamvapo mawu amodzi okha amene ndinkawadziwa, athu aja a pa thebulo lositira.

Ndinagwada patsogolo pawo. Ndinakweza mbale ija kuti aione, ndinaloza pakamwa pa Sajeni, kenako mpando umene unali pafupi.

"Doluboda, Agogo," ndinatero. "Doluboda."

Anayang'ana nthochi. Anayang'ana ine, maso a munthu wodziwa zimene akuchita, amene sindinawaonepo pankhope imeneyo. Anang'ung'udza kenakake, natembenukira kumpando. Mwana sumudyetsa ali kumbuyo, zimenezo ankazidziwa. Anakhala pansi okha, anamasula mfundo okha, Mayi Gadiyani n'kumutsetsereza Sajeni mpaka pamiyendo pawo. Agogo anandilanda supuni, nayamba kumudyetsa, akupukuta chibwano chake ndi chala. Atafika pa chipsera cha pamkono anasiya, anachipsompsona, nandiyang'ana moipa.

Analankhulanso, tsopano kwa mpongozi wawo. Adona anamvetsera, kenako anatembenukira kwa ine.

"Akufunsa kuti ndani amaika mwana m'dengu ngati zovala zakuda."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china chimene chinali chitatopa ndi kubisala.

"Ndine, Dona. Pakhomo pano malo ena ake palibe, ndipo kumene ndinkamusiya anapsa. Ndikamusiyanso kumeneko apongozi anga adzandilanda."

Chingerezi changa chinali chodukaduka, chawonso chimodzimodzi, koma tinamvana. Adona anati apongozi awo akanathyoka chiuno, mwana akanaphwanyika mutu, ndipo zonsezo zinali zoona.

"Lolemba usabwere naye," anatero. "Ukabwera naye, usalowe."

Loweruka ndi Lamlungu ndinayenda mdadada wonse kufunsa woti andigwirire mwana. Aliyense anali ndi ake. Lolemba m'mawa ndinaima pakhomo panga, Sajeni ali kumbuyo, osadziwa kolowera. Mayi Gadiyani anatuluka akumanga mpango.

"Ukudikira chiyani, akubweretsere galimoto?"

"Anati ndisalowe naye."

"Ndinalipo, makutu anga sanagululidwe, ndi mano okha. Tiye. Ndipo lero kuseri ayi. Akuba ndi amene amalowera kuseri."

"Akakuchotsani inu chifukwa cha ine?"

"Bondo langali lakhala likupempha tchuthi chaka chonse. Yenda."

Tinalowera chitseko chakutsogolo. Adona anali pabalaza, makiyi ali m'manja. Ndinavula nsapato monga mwa lamulo, ndinaima mowongoka, sindinamutsitse mwana. Mayi Gadiyani anaima pambali panga, chikwama chawo osachiika pansi, kuti aliyense aone kuti akhoza kutuluka nacho mmene alowera nacho.

Kuseri kwa Adona, pawindo, Agogo anali atakhala kale, tsitsi losapesa, thawulo lalikulu lija atalipinda pamiyendo. Ndinamva pambuyo pake kuti masiku awiri onsewo anakana kulisiya, ngakhale pogona. Ataona kamutu ka Sajeni paphewa panga anatambasula manja.

Adona anayang'ana apongozi awo, anayang'ana chikwama cha Mayi Gadiyani, anayang'ana ine. Anazunguza makiyi pachala.

"Pampando," anatero. "Kumubereka ayi. Pampando basi, ndipo wina akhale pomwepo."

Anatuluka osadikira yankho. Mpaka lero sananene kuti inde, ndipo ine sindinafunse.

Thebulo lositira ndinalikokera pakhomo la balaza, pamene ndimaona mpando wa pawindo. Mantha sanathe. Ndimasita maso ali pa manja okalamba aja, ndipo malaya awiri a Bwana ndawawaula kale. Mayi Gadiyani amakhala pambali, bondo atalitambasula, manja awo ali pafupi, osakhudza.

Apongozi anga anabwera Lamlungu lotsatira. Anali atamva kuti kwa mayi wolera ana kuja ndinasiya. Nsalu yawo inali m'khwapa, yopindidwa bwino.

"Ndiye ukakhala kuntchito, mwanayu amamuyang'anira ndani?"

Mayi Gadiyani anali pakhomo pawo akutsuka mbale, ndipo ndinamva madzi atasiya kulira. Sanalowerere. Anandisiyira ndekha.

"Tilipo atatu, amayi," ndinayankha. "Timamudoluboda."

"Ndiye chinenero chanji chimenecho?"

"Cha kuntchito."

Anamutenga Sajeni, anamutembenuza uku ndi uku, anayang'ana mikono yonse iwiri, kuseri kwa makutu, pakati pa zala za kumapazi. Anamuyeza kulemera m'manja. Ine ndinali nditaima pakhomo, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti nsalu ija ikangotambasulidwa, pakhomopo sindisuntha.

Anandibwezera mwana. Anamwa madzi, nafunsa ngati bambo ake anaimbapo. Ponyamuka, nsalu inali m'khwapa momwemo, mmene inabwerera.