Shawa ya Ankolo Jere

Ndikukumbukira fungo la pulasitiki yopsa lomwe linatikanirira m'zovala. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amayi, omwe anali namwino, anali atangogula kanyumba kathu koyamba ku Middlesbrough, kuno kunja kwa dziko lathu. Ankafuna shawa yamagetsi.

Anaitana Ankolo Jere, mkulu wa mpingo wathu, amene ankati anaikapo magetsi m'mahotela ku Blantyre. Anayamba ndi pemphero, kenako n'kukoka waya watsopano kuchokera pabokosi la magetsi mpaka kubafa. Mnzawo wa amayi anali atawatsina khutu kuti kuno ntchito yotere imanenedwa kukhonsolo, ndipo woigwira amasiya setifiketi. Amayi anayesa kufunsa: "Ankolo, nanga za mapepala zija?"

"Mayi, mukundiyesa wakuba?" anatero Ankolo. "Ine amene ndinakakulandirani pasiteshoni?"

Amayi anapepesa mpaka kugwada. Mkulu wa mpingo safunsidwa mapepala, eti.

Chisanu chitafika, masana ena waya uja anatentha kudenga, moto n'kunyeketsa zipinda zonse zam'mwamba. Tinapulumuka, inde. Koma a inshuwalansi atafuna setifiketi, panalibe, ndiye anakana kulipira. Khonsolo sinkadziwa kanthu, ndipo Ankolo analibe inshuwalansi yawo yolipirira zomwe awononga. Nyumba inapita. Tinabwerera kulendi, chipinda chimodzi, amayi akugwira mashifiti mpaka miyendo kutupa.

Lamulungu lotsatira moto uja Ankolo anaimirira kutsogolo kutchalitchi n'kupemphera kuti Satana alisiye banja lathu. Satana! Mpingo wonse unati ameni. Ine ndinangowayang'ana ndikukukuta mano, ndipo ndinadana nawo kuyambira tsiku limenelo.

Lero ndine wamagetsi woima pandekha, wolembetsedwa, wokhala ndi inshuwalansi. Chaka chatha landilodi wina anandiitana kukayeza magetsi m'nyumba yake. Nditatsegula bokosi ndinapeza waya woonda, womangidwa ndi tepi. Ndinafunsa amene anagwira ntchitoyo. Ankolo Jere, ndithu! M'nyumbamo munkagona ana.

Ndinawanenera kukhonsolo, ndipo sindinama, mtima wanga unakoma. Amayi anati ndiwakhululukire, ndi achikulire. Koma ine ndikumvetsa tsopano kuti ulemu umene unawagwaditsa amayi tsiku lija ndi umene unatiotchera nyumba.

Ankolo anandiimbira foni. "Mwanawe, si ndife amodzi?"

Ndinawayankha mwaulemu wonse, monga anandilerera amayi: "Ankolo, nanga za mapepala zija?"