Chisoti Choyera cha Amalume

Kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu ku Chamboli, komboni ya mgodi ku Kitwe, kunali msomali wautali, ndipo dzinja loyamba dziko litalandira ufulu, pamsomalipo panapachikidwa chisoti choyera. Chinali chosalala ngati dzira, chopanda ndi chipsera chomwe, ndipo mkati mwake munkanunkha lamba watsopano. Kale msomaliwo unali wanga, ndinkakolekapo legeni. Tsiku limene chisoti chinabwera, amayi anachotsa legeniyo nandiuza kuti ndikafune poika pena.

Chisoticho chinali cha amalume, mlongo wawo wa amayi. Amalumewo ndiwo anakatitenga ku Katete bambo atamwalira, natisunga m'nyumba yawo ya mgodi. Anayamba ntchito ya pansi pa nthaka ine ndisanabadwe. Poyamba ankagwira fosholo, kenako anawaika kuti aziyang'anira gulu la okumba. Udindo umenewo azungu ankautcha bosiboyi. Munthu wa imvi m'mbali mwa makutu, mkulu wa mpingo, koma kuntchito ankatchedwa mnyamata. Ife sitinkaonapo cholakwika. Ine ndinkanyadira nalo dzinalo kusukulu, ndikuuza anzanga m'Chibemba changa chothyokathyoka kuti amalume anga ndi bosiboyi. Nawonso akaweruka ankandisisita mutu ndi dzanja lawo lokhakhala, amvekere, "Kaboyi kanga kadya?"

Masiku amenewo kopa wokumbidwa mumgodimo ankayenda malonda, ndipo njinga zatsopano zinkalira mabelu m'misewu yonse ya m'komboni. Akuluakulu a mgodi anayamba kusankha anthu akuda kuti aphunzire ntchito zimene kale zinali za azungu okha. Amalume anasankhidwa kuti ayesedwe pa ushifitibosi, ndiye kuti woyang'anira magulu onse a shifiti imodzi. Chisoti choyera chinali chizindikiro chake. Anauzidwa kuti akagwira bwino mpaka mvula itatha, udindowo udzakhala wawo, ndipo tidzasamukira ku nyumba ya magetsi. Amayi sankatchula nyumbayo mokweza, koma ndinawaona akupinda nsalu ya makatani naibisa pansi pa sutikesi.

Aphunzitsi anga, amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, anadzipereka kuwathandiza amalume Chingerezi. Ankabwera akaweruka kusukulu, thalauza atalimanga ndi mphira chifukwa cha tcheni cha njinga. Ankakhala pakhonde, mvula ikuomba denga, utsi wa ku ng'anjo za mgodi ukukereketa pakhosi. Ine ankandituma kunola pensulo ndi kupepeza mbaula. Amalume ankagwira msanga. Ndikukumbukira aphunzitsi akuwomba m'manja, "Akulu, mutu uwu mumausunga kuti zaka zonsezi?" Amalume ankangoseka, maso ali pansi.

Koma panali zina zimene anansi ankanong'onezana pampopi. Ankati chisoti choyeracho amalume amapita nacho m'thumba, n'kukachivala atatsika kale pansi. Ankati mashifitibosi ali ndi bafa lawolawo la madzi otentha, koma amalume amafika pakhomo pake, n'kubwerera kukasamba ndi gulu lawo lakale. Panalibe wowaletsa. Chikwangwani choletsa anthu akuda chinali chitachotsedwa kale.

Ine ndinaziona ndi maso tsiku lina Loweruka, titapita ndi amayi ndi amalume m'tauni ya Kitwe kukagula nsapato zanga. Mvula inali itangokata, ngalande za m'mbali mwa msewu zikuyenda madzi ofiira. Kutsogolo kwathu kunatulukira mnyamata wachizungu, wochepa thupi, ndevu zisanamere bwino. Anali wophunzira ntchito amene anaikidwa m'manja mwa amalume. Atawaona anamwetulira, natambasula dzanja kuti awapatse moni. Amalume sanalione dzanjalo. Anavula chipewa, natsika pakhonde la sitolo kuti amupatse njira, nalowa m'ngalande ndi nsapato zawo za kutchalitchi. Madzi anawafika m'akakolo. "Bwana," anatero. Mnyamatayo anafiira makutu, dzanja lili m'malere, kenako analibweza m'thumba napita.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali, nsapato za amalume zikulira madzi. Kenako amayi analankhula osawayang'ana.

"Achimwene, si mwana yemwe uja mumamulamula pansi?"

"Pansi ndi pansi, mlongo wanga."

"Nanga pamwamba pano ndinu ndani?"

"Ine ndine boyi. Ndakhala boyi zaka zonsezi, ndipo boyi wabwino. Munamvapo kuti andichotsa ntchito?"

Sanalankhule mokwiya kapena mwachisoni. Analankhula monga munthu amatchulira mfunda wake.

Mvula ikupita kumapeto, amalume anabweza chisoti. Palibe anawalepheretsa mayeso, ndipo tinamva kuti akuluakulu anawapempha kuti aganizenso. Aphunzitsi anabwera komaliza, osatsitsa ndi mabuku omwe panjinga. Mawu awo ndimawakumbukirabe: "Akulu, ndafufuza m'Mawu a Mulungu, sindinapezemo tsiku limene analenga boyi." Amalume anayankha kuti Mkhristu ayenera kudzichepetsa, ndipo munthu azidziwa malo ake. Aphunzitsi anapukusa mutu, nakankha njinga mpaka kumsewu osaikwera.

Sindiwaweruza amalume. Dzina limenelo ndi limene linawasunga pantchito m'zaka zimene munthu wodzutsa mutu ankabwezedwa kumudzi, ndipo ndi limene linatidyetsa ife ana amasiye. Analivala nthawi yaitali mpaka linamera pakhungu. Chimene chimandipweteka n'chakuti analisokoneza ndi kudzichepetsa kumene timaphunzira kutchalitchi. Ndakhala ndikusinkhasinkha zimenezi zaka zambiri, ndipo ndikuona kuti nzosiyana. Wodzichepetsa amadziwa chimene Mulungu anamupatsa, n'kuchigwiritsa ntchito mwakachetechete. Amalume anapatsidwa, koma anakhulupirira kuti mphatsoyo yasochera khomo.

Dzinalo silinathere pa iwo. Inenso ndinakula ndikutsika pamakonde a masitolo, ngakhale panalibe wondipempha njira. Malemu mkazi wanga ndiye anazindikira zimenezi. Mwana wathu woyamba atabadwa, ndinamunyamula n'kunena kuti kaboyi kanga. Iye, ali chigonere pamphasa, anati, "Bambo, mwanayu ali ndi dzina. Muzimuitana nalo." Sanabwerezenso, ndipo ine sindinalitchulenso. Lero mwanayo amagwira dzanja la munthu aliyense akumuyang'ana m'maso. Ndikanakonda amalume akanamuona.

Koma zonsezi ndi nzeru za munthu wokalamba. Tsiku limene chisoti chinapita, ine ndinakondwa. Kunola mapensulo kunatha, kukhala chete pakhonde kunatha, ndipo amalume anabwera akuimba nyimbo ya kutchalitchi, chisoti chawo chakale chakuda chili pamutu, nkhope yawo yopepuka ngati ya munthu amene watula katundu. Ndinathamangira kukatenga legeni yanga, ndinaikoleka pamsomali paja, ndipo ndinaitana amayi kuti adzaone kuti malo anga abwerera. Anabwera, naima kuseri kwa chitseko nthawi yaitali, akuyang'ana legeniyo. Kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinayesa ndi utsi wa mbaula, ndipo ndinapita kukaikankhira kutali ndi khomo.